Chijasi Chofiira cha Dyna

Lewisham, London
29 Okutobala 2023

Okondedwa alamu anga a Shadrick,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi achemwali anu a Petronella ndi onse ku Likhubula. Kuno tilipo. Mundikhululukire kuti ndikulembabe papepala n'kujambula pafoni m'malo moimba. Chimwalirireni mayi a Chiyamiko, ndikati ndilankhule mawu amandithera pakhosi.

Nkhani ya chiliza ndaimva. Mwezi wa Juni uli bwino, tchuthi ndapempha kale kuntchito. Zovala za malemu zili m'masutikesi awiri, zotsekeredwa monga munanenera, ndipo palibe wazikhudza. Tidzabwera nazo kuti mudzagawe eni akenu, kenako mudzandisudzule monga mwa mwambo, titaona manda ake atakonzedwa. Chotsala kunja ndi chijasi chofiira chija mkazi wanga Dyna anabwera nacho kumudzi nthawi ya chisanu. Chili muwadiropu. Ndinalephera kuchipinda.

Koma chimene ndalembera ndi mwana wanuyu, Chiyamiko. Inu ndinu malume ake, muyenera kudziwa. Anasiya mpingo wathu. Tsopano amapemphera ku Peckham, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo yogulitsa tsitsi, kwa munthu wodzitcha Mneneri Sunday. Munthuyu wamuuza kuti m'banja mwathu muli mzimu wa imfa, ndipo utachoka pa mayi ake walunjika iye. Alamu, Dyna anapita ndi khansa. Madokotala anationetsa zithunzi, ndipo iye mwini monga namwino anaziwerenga asanatiuze ndi kutiuza komwe. Koma mwana akumva za mneneri.

Mankhwala ake akuti ndi kusala kudya masiku atatu, kenako kukagona paphiri usiku wonse akupemphera, monga amachitira kwathu. Poti mu London mulibe phiri, apangana minibasi yopita ku Wales, kuphiri lotchedwa Snowdon, pa 10 Novembala. Agula matenti otchipa, aja anyamata amagonamo kumadansi a panja. Akuti aliyense avale zoyera.

Ndinayesa kumuletsa. Anandiyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, ati, "Dad, you don't even pray any more." Sananame. Tsono ndaganiza zopita nawo. Sindikhulupirira zimenezi, zimandinyansa, koma mwana ndili naye mmodzi.

Inu mwakalambira paphiri la Mulanje mukunyamula katundu wa alendo. Ndiuzeni, munthu wokagona paphiri amatenga chiyani?

Ndine mlamu wanu,
Biswick

Likhubula, Mulanje
3 Novembala 2023

Alamu,

Moni wa mafuta! Kuno tonse tili bwino, kungoti dzuwa latiwamba ngati mbewa.

Kalata yanu yandiseketsa. Ndinafunsa mzungu wina amene ndinakwera naye ku Sapitwa sabata yatha, ndipo akuti phiri lanulo likhoza kulowa pafupifupi katatu m'mimba mwa Mulanje. Akuti mpaka kuli sitima yokwera nayo pamwamba! Alamu, phiri lokwera pasitima n'kumaliopanso? Chimenecho ndi chulu. Mukafika pamwamba mutigwirireko ngumbi.

Za mwana musadandaule. Kuno amayi amagona kuphiri mwezi ndi mwezi atangofunda chitenje, m'mawa n'kutsika akuimba. Msiyeni akalire mayi ake kumeneko, mwina mtima utsika. Inu tengani juzi, tochi, ndi mtedza wokazinga m'thumba. Mtedzawo musaonetse mneneri, angakuthireni pemphero.

Popeza mwayamba kudziwa masitolo a zokwerera mapiri, mundionereko nsapato. Zangazi zatseguka pakamwa ngati mlamba. Ndimavala eyiti.

Mawa ndikukwera ndi alendo ena, tikazungulira ku Chambe ndi ku Lichenya. Ndikatsika ndimve kuti chulu chinakugwetsani kangati.

Wanu,
Shadrick

Likhubula
14 Novembala 2023

Bambo a Chiyamiko,

Ndine Petronella. Moni sindikupatsani wambiri chifukwa ndilibe.

Dzulo mwana wa a Maureen wa ku Blantyre wanditumizira chithunzi chimene chikuzungulira pa Facebook. Ndachiyang'ana mpaka maso kuwawa, kuti mwina ndikunamizira munthu. Ndinu. Mwakhala pansi mumdima, mwakumbatira mzimayi chakumbuyo, tsaya lanu lili pakhosi pake. Ndipo mzimayiyo wavala chijasi cha Dyna.

Musandiuze kuti zofiira n'zambiri ku Ulaya. Batani lachiwiri ndi lakuda, ndinasokerera ndine pakhonde pano lake litaduka. Pansi pa chithunzicho alembapo kuti, "Zimene Mulungu wachita paphiri." Ee, taziona zimene wachita!

Chaka sichinathe. Dothi la pamanda pa mng'ono wanga silinakhazikike. Munalemba ndi dzanja lanu kuti zovala palibe wazikhudza. Chovala cha malemu sichivalidwa eni ake asanagawe, ngakhale mwana wa sukulu ya mkaka amadziwa. Inu mwachitenga n'kuveka chibwenzi, pamaso pa mwana! Ndiye mwati mukupita kukateteza Chiyamiko, kodi kumeneko ndiko kuteteza kwake?

Kumpopi sindikupitanso, ndikutuma ana. Amayi akumeneko akufunsa kuti mkazi watsopano ndi wa kuti, ndipo akumwetulira pofunsapo.

Dyna ankakutamani kuti ndinu munthu wofatsa. Ine ndinkamuuza kuti madzi odikha ndiwo amakhala ndi ng'ona. Ndakuimbirani kambirimbiri, foni yanu ndi yotseka. Ya Chiyamiko ikungoitana. Ngati muli ndi pakamwa, yankhani.

Petronella

Likhubula
20 Novembala 2023

Bambo a Chiyamiko,

Ndatsika kuphiri ndapeza mudzi uli pamoto. Chithunzi ndachiona. Ndinapempha akuluakulu kuti tidikire mawu anu, ndipo tadikira sabata yathunthu. Kukhala chete kwanu kwatiyankha.

Abale agwirizana izi. Masutikesi mutumize ndi Chiyamiko, pamodzi ndi chijasicho. Chiliza tidzamanga tokha. Inu musavutike kubwera. Munthu amene wadzisudzula yekha sitingamusudzulenso.

Zandiwawa kulemba izi. Za nsapato zija muiwale.

Shadrick

Lewisham
26 Novembala 2023

Alamu anga a Shadrick ndi a Petronella,

Ndikupatsani moni nonse awiri. Makalata anu ndawaona dzana, nditagula foni ina. Yakale inafera m'madzi paphiri. Chiyamiko ankaona kuti mukuimba, koma manyazi anamugwira, sanandiuze. Zilembo zanga zikhala zokhota chifukwa zala za dzanja lamanja zikadali zotupa. Ndifotokoza mwandondomeko, kenako muweruze.

Tinanyamuka ku Peckham mochedwa chifukwa mneneri anali kometa tsitsi. Tinafika patsinde pa phiri masana atapendeka, ndipo kuno mwezi uno kumada folo koloko. Anthu onse anali kutsika, ife tokha ndiye tikukwera. Otsikawo anali ndi nsapato zolimba ndi zovala za mvula. Ife amayi anali m'madiresi oyera ndi nsapato za kutchalitchi, abambo m'masuti. Wina anasenza sipikala. Wina anasenza mpando wa pulasitiki woti mneneri akakhalepo. Onse anali tsiku lachitatu osadya.

Gogo wina wachizungu anandigwira mkono n'kunena kuti kumwamba kukubwera mphepo yoipa, tibwerere. Mneneri anaseka, ati, "Mwamva? Satana amalankhulanso Chingerezi." Anthu anawomba m'manja.

Chijasi ndinachitenga ine. Sindikana. M'mawa wa tsikulo ndinaona Chiyamiko atavala kadiresi kopyapyala ndi kajuzi, ndipo m'nyumba munalibe chofunda china choposa cha mayi ake. Ndinaima pawadiropu nthawi yaitali ndikudziwa kuti ndikulakwira mwambo. Ndinachiika m'chikwama. Mvula itayamba ndinamuveka, ndipo sanakane.

Pamwamba sitinafike. Chifunga chinatitsekera pamalo ena athyathyathya pafupi ndi kanyanja, munthu osaona mnzake ali pafupi. Alamu, chiperoni ndimachidziwa, koma ichi ndi china. Mvula yake sigwa kuchokera kumwamba, imabwera chammbali ngati akukuponyera mchenga. Kenako matalala, kenako chipale chofewa. Zikhomo za matenti zinkakana kulowa, pansi pali mwala. Tenti imodzi inauluka tikuona, ndi zikwama za anthu momwemo. Ina inathyoka nthiti.

Apo ndi pamene mneneri anati Mzimu wamuuza kuti atsike akatimenyere nkhondo kumunsi, pakuti mdani wazinga tsinde la phiri. Anatenga dalaivala ndi tochi yaikulu. Mpando wake anausiya, mphepo inautenga.

Tonse otsala tinathithikana mutenti imodzi. Pansi panali ndowe za nkhosa zosakanikirana ndi matope, ndipo madzi ankadutsa pansi pathu. Mneneri anali atawagulitsa timabotolo ta mafuta odzozedwa, ndiye ena anayamba kumwa mafutawo kuti awatenthetse. M'mimba mopanda kanthu, mukudziwa chimene chinatsatira. Anasanzirana pamiyendo, pamisana. Wina anadzikodzera chifukwa kutuluka kunali kosatheka. Ndipo ankaimbabe nyimbo, mano akugundana.

Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Tsiku ndi tsiku ndimapukuta anthu amene adziipitsira, ndipo sindinanyansidwepo, chifukwa iwo sanasankhe. Koma mutenti muja ndinanyansidwa mpaka m'mafupa. Anthu akuluakulu, ena anamwino, ena ophunzira kundiposa, kukhala m'masanzi n'kumati ndi ulemerero. Nditanena kuti tiimbire opulumutsa anthu paphiri, mkulu wa mpingo anati, "A Biswick, musatibweretsere kusakhulupirira kwanu muno. Inu ndi amene mukukoka mphepoyi."

Mzimayi wa pachithunzi dzina lake ndi Gladys. Kwawo ndi ku Chipata, amakolopa m'maofesi, ali ndi ana atatu ndi mwamuna wake ku Ilford. Ndinali ndisanalankhulepo naye chiyambire. Ali ndi matenda a shuga, ndipo naye anasala. Pakati pa usiku ndinazindikira kuti aliyense akunjenjemera kupatula iye. Anayamba kuseka yekha, n'kumakoka diresi lake kuti avule. Ankati, "Ba Biswick, kwapya muno. Nivuleni ivi, nifuna mphepo." Amayi ena anakuwa kuti Mzimu wamugwira, aleluya.

Kuntchito anatiphunzitsa kuti nkhalamba yozizidwa ikasiya kunjenjemera n'kuyamba kubwebweta, ndiye kuti chisanu chalowa mkati, yatsala pang'ono. Ndinavula mwana wanga chijasi cha mayi ake. Ichi ndicho chinandivuta kuposa zonse, ndipo ndikufuna muchidziwe. Ndinamuveka jekete langa, ine n'kutsala ndi juzi. Gladys ndinamukulunga m'chijasi n'kumugwira chakumbuyo kuti asavule, ndiponso kuti kutentha kwanga kumulowe. Mtedza munandiuza uja ndinali nawo, ndi maswiti. Ndinkaswa maswiti ndi mano n'kumamuika m'kamwa. Mayi wina anandimenya paphewa, ati, "Mukumuswetsa fasting!" Ndinati, "Inu salani. Uyu adya."

Chiyamiko ankandiyang'ana. Kenako anatulutsa foni yake, anakwawa kutuluka panja kukasaka netiweki. Mkulu wa mpingo anamugwira mwendo, iye anamuponda dzanja. Anaimbira opulumutsa aja.

Opulumutsa anatipeza kusanache. Ndi anthu wamba ongodzipereka, wina anandiuza kuti ndi mphunzitsi, ndipo sanatinyoze ngakhale kamodzi. Zimenezo zinandichititsa manyazi koposa. Chithunzi chija anajambula mmodzi wa a mpingo nthawi imeneyo, matochi awo atatiwalira. Gladys anamutsitsa pamachira.

Titafika kumunsi tinapeza minibasi ikulira, magalasi atachita nthunzi. Atatsegula chitseko munatuluka kutentha ndi fungo la nkhuku yokazinga. Mneneri anali m'tulo pampando wakumbuyo atafunda bulangete, mabokosi a mafupa ali pansi. Anadzuka, anapukuta pakamwa, anakweza manja, ati, "Aleluya! Palibe wafa! Ndinaugwira mzimu uja pakhosi usiku wonse." Ena mwa anthu omwe aja, masanzi ali pazovala, anayankha kuti ameni. Tsiku lomwelo anaika chithunzi chathu pa Facebook ngati umboni wa mphamvu zake.

Gladys amudula zala ziwiri za kuphazi. Mwamuna wake anabwera kuno ndi thumba la mpunga, tinamwa tiyi limodzi. Ine ndinagona m'chipatala masiku awiri. Zala akuti zichira. Chiyamiko sanabwererenso ku Peckham. Dzulo anandifunsa m'Chichewa ngati ndadya.

Tsopano za chijasi. A Petronella, mwanena zoona, batani ndi lanu. Chifukwa chimene ndinalephera kuchiika m'sutikesi ndi chakuti chinkamveka fungo la Dyna, mafuta aja ankadzola ndi sopo wa kuchipatala. M'mawa uliwonse ndisanapite kushifiti ndinkatsegula wadiropu pang'ono, n'kutsekanso msanga kuti lisathe. Sindinauzepo munthu. Chinabwera kuchokera kuphiri chikununkha masanzi, mkodzo ndi ndowe. Ndachichapa katatu m'bafa, Chiyamiko atakhala pansi pakhomo akundiyang'ana. Tsopano ndi choyera. Chikumveka sopo wa m'sitolo basi.

Mwambo ndinauphwanya, ndipo ndikanabwerera paphiri paja ndikanauphwanyanso. Ngati chigamulo chanu chikhala chomwecho, ndidzatumiza mwana ndi katundu yense, sindidzakangana nanu. Ndinkafuna kudzaona pamene mwamugoneka, chifukwa tsiku la maliro sindinaone kanthu. Koma musanene kuti ndapeza mkazi. Mphamvu zimenezo ndilibe.

Ndine mlamu wanu,
Biswick

Likhubula
3 Disembala 2023

Alamu,

Ndine Petronella. Mwadzuka bwanji, ndipo zalazo zikuti bwanji? Muziviika m'madzi ofunda a mchere, madokotala akwanuko sadziwa zonse.

Kalata yanu anawerenga Shadrick mokweza pakhonde, abale onse alipo. Atafika poti mzimayi uja ankavula, anaima. Anati zaka zapitazo anapeza wocheka matabwa ku Lichenya m'mwezi wa Juni, atafa, malaya atawapinda bwinobwino pambali pake. Atatero anandipatsa foni kuti ndimalize ine, iye anapita kuseri kwa nyumba. Mawu oti chulu sakufuna kuwamvanso. Akuti ndikuuzeni kuti nsapato sakuzifuna. Akunama, mubwere nazo, eyiti.

Mneneri wanuyo ndilibe naye mawu. Ndalavula.

Koma musaganize kuti ndakukhululukirani zonse. Munayenera kutiuza musanatsegule wadiropu. Ndiponso munthu wamkulu ngati inu kutsatira anthu ovala nsapato za kutchalitchi kuphiri, osawatsekera chitseko cha minibasi, n'chiyani chimenecho? Kufatsa kwanuko nthawi zina kumatopetsa.

Ndikuuzeni za mkazi wanuyo. Tili atsikana ndinagula chitenje changa choyamba ndi ndalama za kothyola tiyi. Ndisanachivale n'komwe, Dyna anachitenga n'kukulungira mwana wa a neba amene ankapita naye kuchipatala. Chinabwera chili ndi zonse zimene mwana wotsegula m'mimba amachita. Mpaka kumwalira kwake sanapepese. Ankangoti, "Achemwali, nsalu ndi nsalu." Ndinkaganiza kuti khalidwe loipali linapita naye. Kani anakusiyirani.

Abale akhalanso pansi. Juni mubwere, inu ndi mwana. Mudzaima kutsogolo pochotsa nsalu pachiliza, ndipo tidzakusudzulani ndi manja awiri monga munthu amene anasunga m'bale wathu. Amayi a kumpopi ndawauza kale, ndipo amene ankamwetulira uja ndamuuza kawiri.

Za chijasi, mwambo ndi mwambo. Chiyenera kugawidwa ndi eni ake, ndipo wamkulu ndiye amayamba kusankha. Wamkulu ndine. Ndasankha chijasicho, abale amva, nkhani yatha. Tsono poti ndi changa, ndichita nacho zimene ndikufuna. Kuno kukutentha, ndipo zofiira sizindikhala. Chikhale muwadiropu momwemo. Ndakubwerekani.

M'sutikesi yanga muli mpango umene Dyna anaiwala ulendo wake womaliza. Sindinauchape, ulesi. Ndaumanga m'pepala la pulasitiki kuti mphepo isalowe. Mukabwera mudzautsegule nokha.

Mlamu wanu,
Petronella